Fomu ya ahedi kapena kagulu ka aphunzitsi anzako?

Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, makalasi kuno ku Chipata adzaza thothotho, ndipo mwa anawo muli osamva bwino, osaona bwino ndi ochedwa kugwira zinthu. Nanga mphunzitsi aphunzire kuti kuwathandiza?

Njira ina ndi yoti ahedi akhale kumbuyo kwa kalasi, fomu yolembapo mmene ukuphunzitsira ili m'manja. Ubwino wake ulipo: amadzionera okha, ndipo zolembedwa sizitayika. Koma fomuyo imakalowa m'faelo yako. Ndani angaulule kuti sadziwa chinenero chamanja pamaso pa munthu amene amasainira kukwezedwa kwake? Tsiku limenelo umangoloza ana ochenjera, choko chikunjenjemera.

Ina ndi timagulu ta aphunzitsi ta mu dongosolo la SPRINT, loti aphunzitsi azisulana luso pa sukulu pawo pomwepo. Anayi kapena asanu amakonzera limodzi phunziro, mmodzi n'kuliphunzitsa, enawo maso ali pa ana, osati pa iye. Apa munthu amamasuka: "Amayi, mtsikana wa pawindo uja sindikumufikira ayi." Mnzake n'kuti, "Musendezereni kutsogolo, muzilankhula mutamuyang'ana, aziona milomo." Ine ndimakonda iyi, ngakhale imafa msanga zokambidwazo zikangosanduka miseche, kapena ahedi akabwera kudzakhala nawo atanyamula fomu yomwe ija.