Chibwenzi chatsopano kapena banja lakale m'mafilimu a ngozi

Mafilimu a ngozi zazikulu amakonda njira ziwiri. Ina imatenga mnyamata ndi mtsikana amene angokumana dzulodzuloli: sitima ikumira, iwo ali kalikiliki kulonjezana. Imagwira mtima, koma imaphimba ena. Sitima ya Titanic itamira mu 1912 munafa anthu pafupifupi 1,500. Kamera ikakakamira pa awiri okha, enawo amangosanduka chikhamu chokuwa kumbuyo.

Inayo imatenga banja lakale, mwina lotsala pang'ono kutha. Madzi osefukira awabalalitsa. Bambo akuzungulira m'zipatala, akuvundukula nsalu pankhope za mitembo manja akunjenjemera, kufunafuna mkazi amene m'mawa uja sanapatsane naye ngakhale moni. Zopsompsonana n'zochepa apa, koma mantha ake ndi enieni. Ine ndimakonda imeneyi, ngakhale ambiri amaiwonongera kumapeto: akangopezana, basi, mikangano ya zaka khumi yakokoloka ndi madzi omwewo.