Ndinakaona tchalitchi cha St Peter ku Barton-upon-Humber, mafupa ake ndi nsanja yake

Ine ndine wa ku Likoma, ndinabatizidwira m'tchalitchi chachikulu cha St Peter pachilumbapo. Choncho mnzanga wa kuntchito atandiuza kuti tsidya lina la mtsinje wa Humber kuli tchalitchi chakale cha dzina lomwelo, ndinati ndikachione basi. Ndimakhala ku Hull, ku England, komwe ndimasamalira okalamba. Basi yake imadutsa pa Humber Bridge, mlatho wautali uja womwe unatsegulidwa mu 1981, ndipo ukangotsika tsidya la Lincolnshire wafika kale ku Barton.

Chimene mnzangayo sanandiuze n'choti m'katimo muli mafupa a anthu. Ndinazidziwira pakhomo, ndikulipira. Mtima unagunda. Kwathu manda sitiseweretsa, ngakhale kuwaloza ndi chala ankatiletsa tili ana, ndipo wokumba kumanda ndi adzukulu okha. Ndinatsala pang'ono kubwerera.

Malowa amayang'aniridwa ndi bungwe la English Heritage, losamalira malo a mbiri yakale ku England. Mapemphero a pa Sabata anatha m'tchalitchichi cha m'ma 1970, akhristu a parishiyi atasankha kumasonkhana ku St Mary, chomwe chili pafupi kwambiri, kungodutsa kadziwe. Kuyambira 1978 mpaka 1984 akatswiri ofukula zakale, motsogozedwa ndi Warwick Rodwell, anakumba pansi pa tchalitchi ndi m'manda ozungulira, ndipo anapeza mitembo yoposa 2,800 ya anthu a m'tauniyi, kuyambira nthawi ya ma Anglo-Saxon, anthu amene ankalamulira England chisanafike chaka cha 1066, mpaka nthawi ya Mfumukazi Victoria m'zaka za m'ma 1800. Chionetsero chake amachitcha Buried Lives.

Amene anandikhazika mtima pansi ndi mayi wina wachikulire wothandiza alendo. Anaona kuti ndaima njo pakhomo, ndipo sanandikakamize. Anayamba kundionetsa nsanja kaye. Anandiuza kuti ndiyang'ane timizere ta miyala topyapyala tokwera pakhomalo ngati nsichi za nyumba ya mitengo, komanso khomo lina lomwe pamwamba pake n'posongoka, miyala iwiri yotsamirana. Mbali ya pansi ya nsanjayi yakhala pamenepo zaka pafupifupi 1,000. Poyamba chipinda cha pansi pa nsanja ndicho chinali tchalitchi chenicheni cha anthu, kumadzulo kwake kuli kachipinda ka ubatizo. Ndinaimamo n'kuyeza ndi maso: kwaya yathu ya ku Likoma yokha ikanadzazamo tho.

Nkhani ya Thomas Rickman inandikoma chifukwa nzeru yake ndi ya munthu wamba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 iye anaona kuti gawo la pamwamba la nsanjayi linamangidwa mwa kalembedwe ka nthawi ya ma Norman, amene analanda England mu 1066. Ndiye anati, ngati cha pamwamba n'cha nthawi imeneyo, cha pansi chiyenera kukhala chakale kuposa apo, pakuti palibe womanga nyumba kuyambira kudenga. Apa m'pamene anthu anayambira kuzindikira nyumba za ma Saxon m'dziko muno.

Kenako tinalowa kumene kuli mafupa. Kuli phee, ndipo zonse zili m'magalasi, zolembedwa m'Chingerezi chosavuta. Pali mabokosi a maliro a matabwa amene sanawole chifukwa nthaka ya kumeneko ndi ya madzi. Ndinakhalitsa pa mafupa osonyeza nyamakazi. Molumikizira mafupawo munali mokhakhala, mwina mopereseka mpaka kusalala, chifukwa fupa linkakhulana ndi fupa linzake kwa zaka. Ntchito yanga ndi yomweyi. M'mawa uliwonse ndimagwira zala zopindika za agogo ena powaveka juzi, ndipo ndimadziwa mmene amalumira mano ndikafulumira. Ndinadzifunsa kuti munthu uyu ankamuveka ndani m'nyengo yozizira ya kuno, kulibe mankhwala opha ululu, kulibe chotenthetsera nyumba. Misozi inalengeza. Apo mantha anali atachoka kale, ndinkangoona odwala ngati anga.

Ndinawafunsa mayi aja funso lomwe linkandisautsa: "Nanga enawo onse ali kuti?" Anandiyankha kuti mu 2008 mafupawo anabwezedwa m'tchalitchi momwemo, m'chipinda chapadera chowasungiramo, pa malo opatulika, ndipo panachitika mwambo wa mapemphero. Ochita kafukufuku amatha kuwapeza akapempha chilolezo, koma sali m'makatoni ku ofesi ina yakutali. Kwa ine ichi ndicho chinapangitsa kuti ndalama yanga isandipweteke. Sindinganene kuti ndagwirizana nako kufukula manda. Mpaka lero mtima wanga uli pawiri. Koma anthuwa agona m'parishi yawo, pansi pa denga lomwe anabatizidwira.

Mbiri ya tauniyo imamvekanso bwino ukamayenda. Buku la Domesday, la kalembera wa malo ndi chuma cha mu England wa mu 1086, linalemba kuti ku Barton kunali tchalitchi, wansembe, msika ndi bwato lowolotsa anthu pa Humber. Munthu wa pachilumba ngati ine, wokulira kudikira Ilala, nkhani ya bwato sinafunike kundifotokozera. Ndinamvanso kuti Chad Varah, amene anayambitsa mu 1953 bungwe la Samaritans, lomvetsera pa foni anthu ovutika mumtima, anabadwira m'tauni yomweyi mu 1911, bambo ake ali wansembe wa parishiyi.

Amene mukufuna kupita, yambani mwaona pa intaneti masiku otsegula, chifukwa si tsiku lililonse, makamaka nthawi yozizira. Mamembala a English Heritage salipira. Valani jekete ngakhale kunja kuli dzuwa, makoma a miyala aja amasunga chisanu. Ola limodzi ndi theka likukwanirani. Ngati mukutenga ana aang'ono, auzeni muli kunyumba zimene akaone, asakadzidzimuke ngati ine.

Ndisanakwere basi ndinadutsa ku St Mary, ndipo ndinapeza pakhomo posatseka. Ndinagwada pa benchi ya kumbuyo n'kunena pemphero la akufa monga timanenera kwathu, ndikuganiza za munthu wa nyamakazi uja.