Ndemanga: uphungu wa vuto losowa tulo pa Dedza boma

Ndimagulitsa kachewere pa Lizulu, ndipo chichokereni maliro a bambo a kunyumba kwanga tulo tinandithawa. Ndinkalowa m'bulangete 9 koloko, ikamakwana 1 koloko maso gwa, kuwerenga mabowo a malata mpaka tambala woyamba. Piritoni ndinamwa mpaka anasiya kundigwira. Kutchalitchi ena ankati ndafooka pa pemphero, ena ankanong'ona kuti pali dzanja la munthu.

Alamu anga ndiwo anandilozera kwa mayi wina mlangizi pa Dedza boma, wophunzira za maganizo komanso wopemphera. Ndinapitako kasanu ndi kamodzi, kamodzi pa sabata.

Tsiku loyamba ndinkayembekeza mapilitsi. Anandipatsa kope. Akuti ndizilemba m'mawa uliwonse nthawi yomwe ndinagona, kangati ndinadzidzimuka, ndi nthawi yomwe ndinadzuka. Anandiuza kuti munthu akamasowa tulo masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, limenelo ndi vuto lodziwika, ndipo njira yawoyi, yobwezera tulo posintha zizolowezi ndi maganizo m'malo momwa mapilitsi, amaitcha CBT-I. Kopelo linaonetsa kuti ndinkakhala pabedi maola 9 koma tulo tenitweni maola 4 okha.

Apa ndi pomwe tinatsala pang'ono kudana. Anati ndizilowa pabedi 11 koloko, ndizidzuka 5 koloko tsiku lililonse ngakhale Lamulungu, masana osagona, tiyi madzulo ayi, foni ikhale pabalaza. Tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, ndidzuke ndikakhale pampando mpaka nditayamba kusinza. Mu Julaye, ndi kuzizira kwa kuno! Sabata yoyamba ndinasinza pamulu wa kachewere kasitomala akundiitana. Nditadandaula anangoti, "Mayi, bedi lanu lazolowera kukhala bwalo la milandu. Tiliphunzitsenso ntchito yake."

Chomwe ndinawakondera n'chakuti sanandinenepo kuti chikhulupiriro changa n'chochepa, komanso sanandiuze kuti ndisiye kupemphera. Anangolisuntha pempherolo. Kale ndinkalimbana ndi Mulungu pakati pa usiku, kumufunsa za ngongole ya banki mkhonde ndi fizi ya ana. Tsopano 7 koloko madzulo ndimalemba nkhawazo papepala, pambali pake chomwe ndingachite mawa, n'kuzipereka m'pemphero, kenako kuwerenga Salimo 4, lija lothera pa kugona mumtendere. Pepalalo ndimalisiya m'Baibulo.

Zodandaula zilipo. Ndalama ya uphungu ukaphatikiza ndi ya minibasi si yamasewera kwa wa geni ngati ine, ndipo kawiri ndinadikira pabenchi kupitirira ola. Ndiye ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Pofika sabata yachinayi anayamba kundiwonjezera mphindi 15 za pabedi. Pano ndimagona maola 6, nthawi zina 7. Usiku woipa umabwerabe, makamaka banki mkhonde ikayandikira, ndipo ndimadzuka n'kukakhala pampando uja nditafunda chitenje pamwamba pa juzi.