Bokosi lotsukira golide: limagwira bwino, koma kapeti yake sinthani

Kwa okumba golide ku Kasungu, bokosi lotsukira lomwe owotcherera zitsulo amapanga, lija ena amati sluice box, ndi loyenera kugula kusiyana n'kumataya ndalama pa mercury, chitsulo chamadzimadzi chomwe ena amagwirira golide kenako n'kuchiwotcha kuti golideyo atsale. Ndi ngalande yachitsulo yotalika pafupifupi mamita 2, m'lifupi masentimita 30, pansi pake poyala kapeti. Golide amalemera kasanu n'kawiri kuposa mchenga, ndiye madzi akamatsetsereka mchenga umapita, golide n'kutsalira mu ubweya wa kapetiyo.

Chinsinsi chili pa kapendekedwe. Kumtunda kukwere masentimita 10 pa mita iliyonse. Likapendeka kwambiri, golide wosalala ngati ufa amakokoloka. Likagona, kapeti imadzaza mchenga msanga ndipo sigwiranso kanthu. Madzi aziyenda mofanana, osati kukhuthula ndowa yonse kamodzi.

Chomwe chimatidandaula ndi kapeti. Mabokosi ena amabwera ndi kapeti ya m'nyumba, yaubweya waufupi, yomwe imatsekeka ndi matope. Ichotseni, muikemo ija yapulasitiki yopotanapotana yopukutira mapazi pakhomo, ndipo muziitsukira m'beseni ola lililonse. Yang'ananinso mowotcherera m'makona. Kabowo kongolowa singano kamatulutsa golide tsiku lonse mwiniwake osadziwa. Ngati bokosi lilibe sefa kumtunda, uzani wowotcherera aike ya mabowo a mamilimita 6, chifukwa miyala ikamagubuduka imafukula golide amene wakhazikika kale.

Dothi lamakande la m'madambo ndiye mdani wamkulu. Likalowa lisanasungunuke, limabulungika ngati timipira, golide n'kumatirira pomwepo, ulendo. Linyikeni usiku wonse, m'mawa muliphwanye bwinobwino.

Zotsalira m'beseni muzipete ndi madzi. Mchenga wakuda muuchotse ndi maginito wokulunga m'pepala lapulasitiki, kenako musungunule golide ndi borax (ufa woyera wothandiza kuchotsa zinyalala posungunula) pa makala okupiza. Golide amasungunuka pa madigiri 1,064, choncho mbaula wamba yopanda chopemerera siingathe. Njira imeneyi ndi yochedwerapo, inde, koma utsi wa mercury umawononga ubongo ndi impso za wowotchayo, ndipo wotayikira m'madzi amakalowa mu nsomba zomwe ana athu akudya.

Bokosili limamwa madzi ambiri, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwa poliika m'mbali mwa mtsinje. Matope onse amathera ku Bua kapena ku Dwangwa, madimba a kumunsi n'kukwiririka. Kumbani maenje awiri motsatizana, lililonse lakuya mita imodzi. Loyamba lidekhetse matope, lachiwiri mutungemo madzi obwezera m'bokosi. Matope ophwera aja ndi omwe mukwirire nawo dzenje lomwe mwamaliza kukumba, dothi lapamwamba n'kulibwezera pomalizira kuti malowo adzalimidwenso.

Kugula bokosi sikukupatsa munthu ufulu wokumba. Chiphaso chimafunikabe pansi pa lamulo la migodi la 2023, ndipo golide wanu mukagulitse ku Export Development Fund, yomwe imagulira Reserve Bank of Malawi, osati kwa mavenda obwera usiku ndi sikelo zawozawo.