Basi ya usiku yochoka ku Athens kupita ku Gjirokastër

Mnzanga wa kuntchito, mnyamata wa ku Albania amene timapenta naye nyumba kuno ku Athens, anandiitana ku ukwati wa mchemwali wake mu Ogasiti. Iye anali atatsogola kale, choncho ndinakwera ndekha imodzi mwa mabasi a makampani a ku Albania amene maofesi awo ali cha ku bwalo la Plateia Karaiskaki. Tikiti ndinagula tsiku lomwelo popanda vuto, ndipo mtengo wake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa ndege.

Amene munakwerapo basi ya ku Joni yopita ku Blantyre mwezi wa Disembala, chithunzi muli nacho kale. Pansi pa basi panadzaza zigubu za mafuta a maolivi, zikwama zomanga ndi tepi, njinga ya mwana, ngakhale makina ochapira. Kondakitala ankalemba dzina pa katundu aliyense, ndipo wina ankangotumiza phukusi kwa amayi ake osakwera nawo. Mipando ndi yabwino, imapendekeka bwino. Koma chimbudzi cha m'basi chinali chokhoma ulendo wonse, ndipo makina oziziritsa anatizunza usiku. Tengani juzi, ngakhale kunja kukutentha bwanji.

Pafupi nane panakhala bambo wachikulire, womanga nyumba, manja ake okhakhala ngati khungwa la mtengo. Tinkacheza m'Chigiriki. Anandiuza kuti analowa m'dziko la Greece mu 1991, ulamuliro wachikomyunizimu utangogwa kwawo, atayenda wapansi m'mapiri usiku, opanda pasipoti. Zaka zoyambirira ankagona m'nyumba zosatha kumanga zomwe iye yemwe ankamanga. Apolisi akamugwira ankamubweza kumalire, iye n'kubwereranso. Mapepala anawapeza boma litayamba kulembetsa anthu olowa mozemba mu 1998. Ali ndi mayina awiri: lachigiriki limene mabwana anamupatsa, ndi lakwawo limene amayi ake okha ndi amene sanasiye kumuitana nalo. Pomwe kalembera wa 2001 ankachitika, nzika za Albania zokhala ku Greece zinali pafupifupi 438,000, kuposa theka la alendo onse m'dzikomo, ndipo bamboyu anali mmodzi wa iwo.

Tikudutsa Aspropyrgos ndi Elefsina dzuwa lisanalowe, anandigwira phewa n'kuloza chilumba cha Salamina kutsidya kwa madzi. "Mwana wanga, ife si oyamba kufika kuno ayi." Ankanena za anthu otchedwa Arvanites, amene anatsika kuchokera kumpoto zaka za m'ma 1300 ndi 1400 n'kukhazikika m'madera a Greece a Attica, Boeotia, Peloponnese ndi zilumba monga Hydra ndi Spetses. Midzi imene tinkadutsayo inkalankhula Arvanitika, chilankhulo cha mtundu umodzi ndi Chialubaniya, ndipo pano chatsalira m'kamwa mwa nkhalamba zochepa. Iwowo amadziona kuti ndi Agiriki enieni, ndipo ali ndi chifukwa: Andreas Miaoulis wa ku Hydra ndi Laskarina Bouboulina wa ku Spetses, amene anatsogolera zombo pa nkhondo ya ufulu wa Greece ya 1821, anachokera mwa iwo. Bamboyu anati nthawi ina anakonza denga la agogo ena ku Mandra, ndipo agogowo atamumva akulankhula pafoni anamuyankha m'chilankhulo chakalecho. Anamvana mawu ambiri. Akundiuza zimenezi maso ake anali atalengeza misozi.

Tinawoloka mlatho wa Rio-Antirrio kutada, n'kuima pa malo odyera ena kwa mphindi makumi atatu. Chakudya chake n'chodula komanso chozizira. Ndinapulumukira kwa mayi wina wa mpando wakutsogolo amene anamasula nsalu n'kugawira tonse byrek, chakudya cha ufa wa tirigu chophika mu uvuni, m'kati mwake muli sipinachi ndi tchizi. Mdzukulu wawo ankawayankha m'Chigiriki chokhachokha pamene iwo ankamulankhula m'Chialubaniya, ndipo palibe amene anadabwa nazo.

Chovuta chenicheni ndi pa chipata cha Kakavia, pamalire a Greece ndi Albania, kupitirira mzinda wa Ioannina. Mu Ogasiti aliyense amapita kumudzi, ndiye tinadikira maola oposa awiri, titatsika ndi zikwama pakati pa usiku. Dalaivala ndimuyamikire: anaona kuti pasipoti yanga ya Malawi ichedwa, anabwera kudzaima nane pawindo mpaka wapolisi atadinda. Chiphaso changa chokhalira ku Greece ndi chimene chinandilowetsa ku Albania, choncho musachiike m'chikwama cha pansi pa basi.

Ananditsitsa mumsewu waukulu kumunsi kwa Gjirokastër, mzinda wa kumwera kwa Albania, kusanache, nyumba za miyala zili m'mwamba paphiri, ndipo basi inapitirira ulendo wa ku Tirana. Ndidzakweranso, koma ndidzasankha mwezi wa Okutobala, ndipo ndidzapempha mpando wa kumanzere kuti ndidzaone bwino Salamina.