Matope a Miracle Mud mu refugium: abwino kwa zomera za mizu, koma si sefa

Pa zinthu zonse zimene amagulitsa kwa anthu oweta nsomba ndi makorali a m'madzi amchere, chimene chimadabwitsa kwambiri munthu wongoyamba kumene ndi matope a m'paketi. Munthu amawononga ndalama zambiri pogula makina oti madzi a m'thanki akhale oyera mbee, kenaka n'kukagulanso matope oti awathire mwadala m'madzi omwewo. Amene ndikuwaunika pano ndi a Miracle Mud, a kampani ya EcoSystem Aquarium ya ku California, imene inayambitsidwa ndi Leng Sy. Iyeyu ndi amene anatchukitsa njira yosunga thanki ya makorali podalira matope ndi ndere zikuluzikulu m'malo mwa makina a protein skimmer, amene amachotsa nyansi m'madzi pogwiritsa ntchito thovu. Pamsika palinso ena, monga Mineral Mud a kampani ya CaribSea ndi Fiji Mud a Walt Smith, ndipo zambiri zimene ndinene zikuwakhudza onsewa.

Matopewa sathiridwa m'thanki yaikulu imene alendo amaonerera. Malo ake ndi mu refugium, chipinda chapadera cha m'thanki yapansi yotchedwa sump, m'mene madzi a m'thanki yaikulu amadutsa pang'onopang'ono asanakankhidwenso m'mwamba ndi pampu. M'chipindachi simulowa nsomba, choncho ndere ndi tizamoyo ting'onoting'ono timaswana popanda wotidya. A Miracle Mud amabwera ouma, m'miyeso monga mapaundi 5 ndi 10, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 2.3 ndi 4.5, ndipo safunika kuwatsuka, chifukwa kuwatsuka n'kutaya fumbi losalala limene munthu walipirira. Kuyala kwake kumafuna kudekha: amayalidwa m'chipinda chopanda madzi mpaka kuya kwa masentimita 2.5 kapena kupitirirako pang'ono, pamwamba pake n'kuikapo mbale kapena pepala la pulasitiki, madzi n'kumathiridwa pang'onopang'ono pa mbalepo. Ngakhale mutasamala chotani, madzi amada bii poyamba, ndipo pampu siyenera kuyatsidwa kufikira fumbilo litadikha, apo ayi lonse likakwera kukakuta makorali ndi miyala ya m'thanki yaikulu.

Ubwino woyamba, umene ndimauvomereza ndi mtima wonse, ndi wa tizamoyo. Munthu akaunika refugium ya matope ndi tochi usiku, nyali zonse zitazima, amaona tizamoyo tokhala ngati tinkhanu ting'onoting'ono: ma amphipod akuthamanga chopendekeka m'mbali mwa galasi, ma copepod oyera atangoti mbwee pa galasi lomwelo, ndiponso timipata ta nyongolotsi tokhotakhota tikuoneka m'matope pamene akhudzana ndi galasi. Dothi losalala chotere ndi lofewa kwa zamoyo zokumba, ndipo zimaswana mosavuta kusiyana ndi m'mchenga wa miyalamiyala. Tina mwa tizamoyo timeneti timakokedwa ndi pampu kupita m'thanki yaikulu, kumene timasanduka chakudya. Kwa munthu amene akuweta nsomba ya mandarin, Synchiropus splendidus, imene imayenda pa miyala tsiku lonse ikutolatola ma copepod ndipo nthawi zambiri imakana zakudya za m'botolo, nkhokwe yotereyi ndi imene imaisunga ndi moyo.

Ubwino wachiwiri ndi wa zomera, ndipo apa m'pamene ndikufuna kukhalitsa, popeza ambiri amagula matope osadzifunsa kuti adzalamo chiyani. Matopewa ali ndi ayironi ndi michere ina imene imatha msanga m'thanki yotsekeka. Ayironi sakhalitsa m'madzi amchere okhala ndi okosijeni wambiri, koma m'kati mwa matope, m'mene okosijeni ndi wochepa, amasungunuka n'kupezeka kwa chomera chimene chazika m'menemo. Ndere za mtundu wa Caulerpa zimayanga pamwamba pa dothi n'kutsitsa timizu togwirira m'matope, ndipo njira ya Leng Sy inamangidwa pa ndere zimenezi. Udzu wa m'nyanja ndi mitengo ya mangrove, monga Rhizophora mangle imene ambiri amadzala mu sump masamba ali kunja kwa madzi, ili ndi mizu yeniyeni, ndipo imakondwa m'matope akuya. Matope amagwira ntchito imene manyowa amagwira m'dimba: amadyetsa chimene chazika mizu.

Vuto n'lakuti masiku ano anthu ambiri sadzalanso Caulerpa. Amakonda Chaetomorpha, ndere zokhala ngati mpira wa ulusi wobiriwira wopotanapotana, zimene sizizika paliponse koma zimangoyandama n'kumayamwa chakudya chake chonse m'madzi. Zifukwa zosiyira Caulerpa n'zomveka. Nthawi zina ndere zimenezi zimayera mwadzidzidzi n'kutulutsa zam'kati zonse m'madzi pofuna kuberekana, ndipo zimene zinayamwa kwa miyezi zimabwerera m'thanki usiku umodzi. Pofuna kupewa zimenezi, otsatira njira ya EcoSystem amayatsa nyali ya refugium maola 24 osazimitsa. Palinso nkhani ya malamulo. Caulerpa taxifolia itapezeka m'nyanja ya Mediterranean pafupi ndi Monaco mu 1984 inafalikira n'kukuta malo aakulu a pansi pa nyanja, ndipo itapezekanso ku Carlsbad, ku California, m'chaka cha 2000, boma la California linaletsa mitundu ingapo ya Caulerpa mu 2001. Tsono munthu amene wayala matope odula pansi pa mpira wa Chaetomorpha wagula chakudya cha mizu kwa chomera chopanda mizu. Ngati ndere zakezo zikufota chifukwa chosowa ayironi, madontho a ayironi wa m'botolo, amene katswiri wa za mankhwala a m'madzi Randy Holmes-Farley wakhala akulimbikitsa kwa zaka zambiri, angathetse vutolo pa mtengo wochepa ndiponso pa mlingo umene mwini thanki angathe kuuyeza.

Ogulitsa amati matopewa amachotsa nayitireti, amene pamodzi ndi fosifeti amachuluka m'madzi kuchokera ku nyansi za nsomba ndi zakudya zotsala, ndipo maganizo amenewa ali ndi maziko. Chifukwa chakuti tizidutswa ta matope n'tating'ono kwambiri, madzi salowa mosavuta, okosijeni amatha pafupi ndi pamwamba, ndipo mabakiteriya amene amasandutsa nayitireti kukhala mpweya wa nayitirojeni amapeza malo m'dothi losaya, pamene mchenga umafunika kuya masentimita 10 mpaka 15 kuti uchite zomwezo. Komabe, m'kuona kwanga, ntchito yaikulu yochotsa nayitireti ndi fosifeti mu refugium imagwiridwa ndi ndere zimene munthu amazula n'kutaya kunja. Chimene chatuluka m'thanki ndi chimene mwachinyamula ndi manja anu. Fosifeti alibe njira youlukira m'mwamba ngati nayitirojeni, choncho amene sanayamwidwe ndi ndere amatsalira m'dothi pamodzi ndi nyansi za nsomba ndi zakudya zotsala, ndipo dothi losalala silingapopedwe ndi payipi monga timachitira ndi mchenga, chifukwa lonse limatuluka ndi madzi. N'chifukwa chake sindingalangize munthu wokhala ndi nsomba zambiri kuti achotse protein skimmer podalira matope okha, ngakhale kuti njira yoyambirira ya EcoSystem inkatero.

Tisaiwalenso kuti matope sawonjezera zimene makorali a miyala amamangira matupi awo pa mlingo wokwanira. Thanki ya makorali a mtundu wa Acropora idzafunabe kashiamu, maginiziyamu, mchere ndi alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) pa mlingo woyenera, ndipo zonsezi zimayezedwa ndi kuwonjezeredwa mwa njira zina. Kampaniyi imanenanso kuti matope ake amathandiza kuchiza matenda a HLLE, amene amadya khungu la kumutu ndi m'mbali mwa nsomba za mtundu wa tang. Ine zimenezi ndimazilandira mosamala, popeza kafukufuku wa Jay Hemdal ku Toledo Zoo, malo osungira nyama a ku America, anasonyeza kuti makala ena osefera madzi amayambitsa matendawa, ndipo nsomba imene yasamutsidwira m'thanki ya refugium imakhala itasinthiridwa zinthu zambiri nthawi imodzi, kuphatikizapo chakudya chamoyo.

Michere ya m'matope imatha, ndipo opanga amalangiza kuti pakapita nthawi muzichotsa theka n'kuikamo atsopano. Uwu ndi mtengo umene ambiri sauwerengera pogula paketi yoyamba, makamaka ife amene timaitanitsa katundu wolemera chotere kuchokera kunja n'kulipira ndege ndi msonkho. Ntchito yakenso si yosangalatsa. M'munsi mwa dothi lokhalitsa mumatha kupangika timadera takuda ta hydrogen sulfide, mpweya wa fungo la mazira owola umene ndi poizoni kwa nsomba, choncho musanakhudze matope muyenera kuzimitsa pampu ndi kudula chipindacho ku thanki yaikulu. Njira imene ndimaiona yanzeru ndiyo kuyala matope m'mabeseni awiri kapena atatu a pulasitiki oyenera chakudya, kuti pa nthawi yosintha mungonyamula beseni limodzi lonse osavundula enawo.

Kwa owerenga a kwathu pali chinanso choganizira, ndicho kuzimazima kwa magetsi. Ambiri a ife tinayambira pa mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene zimapirira maola angapo pampu itaima, koma refugium yodzaza ndi matope, ndere ndi tizamoyo imadya okosijeni mofulumira mu mdima, ndipo magetsi akabwera pampu imatumiza madzi oipawo m'mwamba. Amene alibe batire kapena inverter yoyendetsa pampu, kapena kapampu ka mpweya ka batire koika mu sump, aganize kawiri asanayale dothi lakuya.

Ndikawayeza pa zonsezi, a Miracle Mud ndi katundu wabwino pa ntchito yochepa kusiyana ndi imene dzina lake limalonjeza. Ndingawalimbikitse kwa munthu amene akufuna kudzala mangrove, udzu wa m'nyanja kapena Caulerpa kumene malamulo amalola, amene akuweta mandarin kapena nsomba zina zodalira chakudya chamoyo, ndiponso amene ali ndi sump yokhala ndi chipinda cha madzi oyenda modekha. Kwa amene akungofuna kutsitsa nayitireti ndi fosifeti, chipinda chopanda kanthu pansi, mpira wa Chaetomorpha, miyala ing'onoing'ono ya tizamoyo ndi nyali yamphamvu yoyaka usiku, pamene za m'thanki yaikulu zazima kuti pH isatsike kwambiri, kutanthauza kuti asidi asachuluke m'madzi, zidzamupatsa zotsatira zofanana, ndipo ndalama ya matope angaigwiritse ntchito pogula nyali yabwinopo.