Madala okonza njinga ku Mufakose

Loweruka tikupalasa mpaka kumiyala ya ku Domboshava, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Harare kudzera msewu wa Borrowdale, ndiye njinga ndinaipititsa kwa madala ena akwathu ku Dedza, okonzera pansi pa mtengo ku Mufakose, dera lina la mu Harare. Ntchito amaidziwa. Anawongola limu lakumbuyo sipoko ndi sipoko, kusintha mabuleki, n'kutsuka tcheni ndi palafini. Zonsezo madola 8.

Atamva za ulendowu anati, "Mwanawanga, mudzanyamuke 5 koloko makombi (maminibasi) asanachuluke, ndipo machubu mutenge awiri."

Chodandaulitsa n'chakuti sasunga matayala opyapyala a njinga zothamanga, ndinakagula m'tauni. Nthawinso sasunga: anati mawa, ndinaitenga mkuja. Komabe magiya akulowa mwakachetechete, moti zitunda zokafika kumiyala kuja sindikuziopa.